Chaka Chimene Machesi Anasiya Kukwiya

Dzina loti Machesi sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi anzake a mumsewu wa mashedi, kumene ankawotcherera zitsulo, chifukwa munthuyu ankangoti wakhudzidwa pang'ono, wayaka. Ntchito ankaidziwa, pamenepo panalibe wotsutsa. Geti lotuluka m'manja mwake linkatseka bwino ngati chitseko cha filiji, ndipo bedi lake lachitsulo silinkalira munthu akamatembenuka. Koma kasitomala akangoyerekeza kunena kuti pakona apa papindika, Machesi ankavula magalasi ake akuda owotcherera, n'kumuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kumufunsa ngati ntchito imeneyi anaiphunzira m'mimba mwa amayi ake. Ena ankachoka osatsanzika.

Kunyumba nako ankamudziwa. Mkazi wake ankamvera mmene chitseko chatsekedwera n'kudziwa kuti lero kugwa mvula kapena kuwala dzuwa. Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, amene ankamutchula kuti Kamayi chifukwa anatengera mphuno ndi kayendedwe ka malemu amayi ake a Machesi. Kamayi anakula akudziwa nthawi yoseka ndi nthawi yolowa kuchipinda, mpaka anakwatiwa ndi mnyamata wina woyendetsa galimoto ya katundu n'kupita kwawokwawo, kutsidya lina la tauni.

Tsiku lina Machesi anapsa mtima chifukwa cha malaya amene anapserera ndi simbi. Anatola mbale patebulo n'kuiponya kukhoma. Sankafuna kugenda munthu, koma phale la mbaleyo linadumpha n'kumutema mkazi wake pamwamba pa diso. Kuchipatala namwino anafunsa akutsuka balalo kuti chachitika n'chiyani.

"Ndinaterereka kubafa," anatero mayiyo, osaphethira n'komwe.

Machesi anali ataima pambali, chikwama cha mkazi wake chili m'manja. Bodza limenelo linamulasa kuposa mmene chilungamo chikanachitira. Lamlungu lotsatira anavala jekete n'kumutsatira mkazi wake kutchalitchi, kumene kwa zaka zambiri ankangomuperekeza ndi mawu onyoza. Anakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Sabata inayo anapitanso. Patapita miyezi anabatizidwa, ndipo potuluka m'madzimo anadziikira yekha lamulo, popanda womuuza: Mkhristu sakwiya.

Lamulolo analisunga ndi mphamvu zake zonse. Wina akamupsetsa mtima ankaluma mano, n'kumwetulira, n'kunena kuti, "Ambuye akudalitseni." Makanika wa shedi yoyandikana naye anamubwereka galainda yodulira zitsulo n'kuibweza itapsa.

"Ambuye akudalitseni, achimwene."

Makanikayo anabwerera chambuyo pang'onopang'ono. Kenako anakauza anzake kuti bola kutukwanidwa kuja, chifukwa mdalitso wa Machesi unkamveka ngati munthu akunola mpeni.

Kumpingo ankamuyamikira. Ankati taonani mmene Mulungu amasinthira anthu, mkango wasanduka nkhosa. Koma Machesi mutu unkamupweteka pafupifupi tsiku lililonse, chakudya chinkamukhala pachifuwa, ndipo nsagwada zinkauma ngati watafuna chikopa. Chinanso chimene sanachiyembekezere n'chakuti potseka pakamwa pa mkwiyo, zina zonse zinatsekeka nazo. Kuseka kwake kuja, kogwedeza malata, kunatha. Nyimbo za kutchalitchi ankaimba ngati akuwerenga chikwangwani. Popemphera ankasankha mawu aulemu okhaokha, ngati munthu wolankhula ndi bwana amene angamuchotse ntchito.

"Bambo, mukudwala?" mkazi wake anamufunsa tsiku lina akumwa tiyi.

"Ndili bwino, tithokoze Ambuye."

"Ine ndimapempha Mulungu kuti andichotsere moto m'nyumba muno. Sindinapemphe kuti andibweretsere filiji."

Machesi anamwetulira kumwetulira kwake kuja. Mayiyo anapukusa mutu n'kuchotsa makapu.

Loweruka lina masana, Machesi atabwera kudzadya, anapeza Kamayi atakhala pampando wa pabalaza, mwana wake wakhanda ali pamiyendo, chikwama chachikulu chili pansi. Anali atatembenukira kuwindo. Atamupatsa moni anayankha osacheuka, koma khanda lija linamukoka tsitsi, nkhope n'kutembenuka. Diso lakumanzere linali litatupa mpaka kutsekeka, mlomo utang'ambika.

"Kamayi, chachitika n'chiyani?"

"Ndinagwa, bambo."

"Sunagwe," anatero amayi ake ataima pakhomo la kukhitchini. "Auze bambo ako. Ndi mwamuna wake, ndipo aka si koyamba."

Machesi anamva kutentha kukukwera kuchokera m'mimba, kudutsa pachifuwa, kufika m'makutu. Anabisa manja m'matumba a ovolosi, n'kukoka milomo yake mpaka inapanga kumwetulira kuja.

"Mwana wanga," anatero ndi mawu osalala, "banja ndi kupirira. Ife Akhristu timakhululuka. Upume lero, mawa tipemphere, ubwerere kwa mwamuna wako. Ambuye amudalitse."

Kamayi anawayang'ana bambo ake ndi diso limodzi lotseguka lija, kwa nthawi yaitali.

"Njira yonse m'basi ndimaopa kuti mukaona nkhope yangayi mukapha munthu," anatero. "Ndimakonza mawu okuletsani. Koma inu mukumwetulira. Bambo, simukumva chilichonse? Ndine mwana wanu ine?"

Ananyamula khanda lake n'kulowa kuchipinda chake chakale. Mkazi wake wa Machesi anangovundikira chakudya chija n'kumutsatira mwanayo.

Machesi sanadziwe mmene anafikira kushedi. Anayesa kupitiriza geti limene ankapanga, koma dzanja silinkakhazikika, moto unkangodumpha uku ndi uku n'kuboola chitsulo. Anazimitsa makina. Pakona panali mapaipi odulidwa. Anasankha imodzi yotalika ngati mkono, anaiyeza kulemera kwake, n'kutuluka osatseka shedi. Makanika uja anamuona akudutsa, n'kumupatukira.

Pa siteji basi yopita kutsidya inabwera, kondakitala akuitanira. Machesi anaponda phazi limodzi pakhomo, n'kulibweza. Inabwera ina, anachitanso chimodzimodzi. Kukwera ankalephera, kubwerera kunyumba ankalepheranso. Mapeto ake miyendo inamutengera mumsewu wa kuseri kwa msika, kumene kunali tchalitchi chawo.

Anapeza abusa ali pamwamba pa makwerero, akuchotsa masamba mu ngalande ya denga. Anali bambo wamfupi, wa magalasi okhuthala, amene ankakonda kugwira yekha tintchito totere ngakhale akulu a mpingo ankamuletsa. Anasuzumira pansi, anaona nkhope ya Machesi, anaonanso paipi ija.

"Mwabwera bwino, a Machesi. Tagwirani makwererowa, akugwedera. Ndi manja onse awiri, chonde, ine ndili ndi ana."

Machesi anaika paipi pansi n'kugwira makwerero. Abusa anatsika pang'onopang'ono, anapukuta manja m'thalauza, n'kukhala pa sitepe ya khonde.

"Paipiyo ndi ya ndani?"

"Ya mkamwini wanga."

"Mukukamubwezera, kapena mukukamupatsa?"

Machesi anakhala pansi, ndipo nkhani yonse inatuluka, mosalongosoka, kuyambira diso la Kamayi mpaka mawu amene anamuyankha.

"Ndalephera, abusa," anamaliza choncho. "Chaka chonse ndaugwira mtima. Ndimayesa munthu wakale uja anafera m'madzi aubatizo. Koma ali moyo, ali muno. Ndikufuna kumuthyola manja mnyamata ameneyo. Ndiye Chikhristu changa chili pati?"

"Anakuuzani ndani kuti Mkhristu sakwiya?"

"Palibe. Ndinangoona kuti ndi mmene ziyenera kukhalira."

"Ndiye mlandu wina ndi wanga, chifukwa ndinkakuonani mukumwetulira ngati munthu wovala nsapato yothina, ine n'kumangoti aleluya." Abusa anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "A Machesi, Ambuye wathu Yesu anaima pamanda a bwenzi lake n'kulira anthu akuona. Ankaona ofooka akuponderezedwa, ankakwiya. Inu mukufuna kukhala woyera kuposa Iyeyo? Ine mwandiuza nkhaniyi, ndakwiya."



"Koma mkwiyo wanga ndi woipa," anatero Machesi. "Unamutema mkazi wanga."

"Unamutema chifukwa munkaulola kuti uzilamula. Kunyumba kwanu kuli galu?"

"Analipo."

"Galu akauwa, simumupha. Komanso simumupatsa makiyi a nyumba kuti aziyendetsa banja. Mumadzuka, n'kukaona chimene wauwira. Mwina ndi wakuba, mwina ndi mphaka chabe. Zimene timamva m'kati mwathu zili choncho, zimatiuza kuti kunja kuno kwachitika kanthu. Nzeru anatipatsa Mulungu kuti tizikaona kuti n'chiyani, n'kuganiza chochita mogwirizana ndi Mawu ake. Ndipo pansi pa zonsezo pali mtima, pamene munthu amasankha kuti ine ndine wa ndani, ndimvera ndani. Kale galu wanu ndiye anali bambo wa nyumba. Chaka chino mwamutsekera m'chipinda n'kumanamizira kuti kulibe. Lero wauwa chifukwa wakuba walowadi, inu n'kumuuza mwana kuti abwerere kwa wakubayo."

Machesi anaweramitsa mutu. Mpira wa ana osewera mumsewu unagubuduka mpaka pamapazi awo, abusa n'kuubweza ndi phazi.

"Mulungu sanakuitaneni theka, a Machesi. Akufuna munthu yense, woganiza, womva, wosankha. Mbali imene mukumubisira ndi imene sangaikonze. Tsono ndikufunseni. Mutaona diso la mwana wanu, munangomva mkwiyo wokha?"

Machesi anapukusa mutu. Atayamba kulankhula, mawu anatuluka okanda.

"Anati ndinagwa. Ndi bodza longa lija limene amayi ake ananena kuchipatala. Anaphunzira m'nyumba mwanga, abusa. Anakula akuona kuti mwamuna amatero, mkazi n'kumubisira. Ndikamuganiza mnyamata uja ndikuona nkhope yanga. Ndiye ndimuweruze bwanji? Ndinachita manyazi. N'chifukwa chake ndinathamangira kunena za kukhululuka, kuti nkhaniyo ithe msanga, isandiyang'ane."

"Zimenezo mwamuuza Mulungu?"

"Zonyansa ngati zimenezi?"

"Mukuganiza kuti sakuzidziwa? Lowani umo. Musamukonzere mawu. Ine nditsala panja pano, ndikuyang'anirani paipi yanu."

M'tchalitchimo munali fungo la polishi, mabenchi ali mbwee opanda munthu. Machesi anagwada pakati pa kanjira. Anayamba mwa chizolowezi, "Atate wathu wachifundo, tikuyamikani," koma analekeza pomwepo. Kenako anamenya benchi ndi chikhatho.

"Ndakwiya!" anakuwa. "Mwandimva? Ndakwiya! Mwana wanga amumenya ngati chinyama, Inu mukuona! Ndakwiyira mnyamata uja, ndadzikwiyira ndekha, ndipo Inunso sindikukumvetsani!"

Anadikira, mwina denga ligwa. Silinagwe. M'malo mwake chinthu china chinamasuka pachifuwa pake, ndipo bambo wamkulu uja analira ngati mwana wotayika pamsika, mamina ndi misozi pamodzi. Analirira diso la Kamayi, chipsera cha mkazi wake, ndi zaka zonse zimene anthu a m'nyumba mwake ankayenda monyang'ama. Atatopa anangokhala phee, mutu uli pabenchi. Sanamve mawu ochokera kumwamba. Anangozindikira kuti sanathamangitsidwe, ndipo kwa nthawi yoyamba chibatizidwireni anamva kuti wapemphera.

Atatuluka, mkwiyo unalipobe, koma tsopano ankatha kuganiza uli pomwepo. Anakhala ndi abusa n'kukambirana zochita. Mwana apite kuchipatala lero lomwe. Nkhani ikafike kupolisi, ngati mwini wake avomera. Asakakamizidwe kubwerera.

"Nanga kukhululuka?" anafunsa Machesi.

"Kudzafika, ndipo ndi ntchito ya mtima, siichitika pa wotchi. Kukhululuka n'kusiya kubwezera. Sikubwezera mwana m'manja mwa womumenya ayi."

Paipi ija abusa anaisunga. Anati itchinjiriza chitseko cha kuofesi chimene chinkamenyetseka ndi mphepo.

Dzuwa linali litapendeka pamene Machesi anagogoda pachitseko cha chipinda cha Kamayi. Anamupeza atakhala pabedi akuyamwitsa, amayi ake ali pambali. Anagwada pansi kuti nkhope zawo zifanane kutalika.

"Kamayi, ndinakunamiza masana aja. Ndinamva. Ndakwiya kwambiri. Zimene wakuchita mwamuna wako ndi zoipa, Mulungu sakondwera nazo, ndipo iwe sunalakwe. Pano ndi kwanu. Ukhala mpaka pamene iwe wekha udzanene. Ndiponso undikhululukire. Zoti mkazi azibisa bala unaziphunzira kwa ine."

Kamayi anangogwira kolala ya ovolosi ya bambo ake n'kuikoka, n'kuika chipumi chake pamenepo, mapewa akugwedezeka. Mkazi wake wa Machesi anayang'ana kudenga akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

"Koma abale," anatero mayiyo, "tizipita kuchipatalako kusanade. Inu bambo kasambeni kumaso, anthu angaganize kuti womenyedwa ndinu."

Mkamwini anabwera patapita masiku angapo, m'mawa, atavala malaya osita bwino. Machesi anamuona pawindo ndipo kutentha kuja kunakweranso mpaka m'makutu. Anapuma kaye, n'kunena chamumtima kuti, Ambuye, ndi uyu wabwera, ndigwireni. Anatuluka n'kutseka chitseko kumbuyo kwake.

"Bambo, ndabwera kudzatenga mkazi wanga," anatero mnyamatayo, maso ali pansi. "Zinangochitika, ndinapsa mtima. Inu ndinu munthu wopemphera, mukudziwa za kukhululuka."

"Ndikudziwa," anatero Machesi. Sanakweze mawu. "Ndikudziwanso za kupsa mtima kuposa inu. Ndikuuzeni zoona, apongozi, ndakukwiyirani kwambiri. Loweruka lija ndinanyamula chitsulo kuti ndikupezeni, Mulungu anandiimitsa panjira. Sindikukhudzani, lero kapena mawa. Koma mwana wanga simumutenga. Nkhani ili kupolisi, ndipo mukayankha."

"Mukufuna kundipasulira banja?"

"Banja munalipasula ndi chibakera chanu. Musanene kuti zinangochitika. Inenso ndinkatero, mpaka ndinamutema mkazi wanga. Mukafuna kusintha, osati kuti mumutenge Kamayi koma kuti mukhale munthu, shedi yanga mukuidziwa. Ndidzakuperekezani kwa anthu amene akundithandiza ine. Koma pakhomo pano musapondepo mpaka mwini wake atanena."

Mnyamatayo anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma atayang'ana nkhope ya mpongozi wake anatembenuka n'kumapita. Machesi analowa m'nyumba n'kudzigwetsa pampando. Anapempha madzi, anamwa makapu awiri.

Sikuti kuyambira pamenepo anasanduka mngelo. Sabata yotsatira yomweyo anamukalipira kasitomala wina amene anasintha muyeso wa mawindo ntchito itatha, mpaka msewu wonse unamva. Koma madzulo ake anayenda wapansi kukamupeza munthuyo n'kupepesa chifukwa cha mawuwo, kenako n'kumufotokozera modekha kuti muyesowo anasinthadi ndi iyeyo. Ankaphunzira kudzifunsa kuti, kodi chandiwawa n'chiyani kwenikweni, ndipo nthawi zambiri ankapeza kuti pansi pa mkwiyo pali mantha, kapena manyazi, kapena njala chabe. Zonsezo ankapita nazo kwa Mulungu mmene zilili. Mutu uja unasiya kupweteka. Tsiku lina kwaya ikuimba anadzidzimuka kupeza kuti misozi ikutsika, ndipo sanaibise.

Mlandu unakambidwa m'mawa wina kukutentha. Mkamwini anavomera kulakwa, khoti linamupatsa chilango chake n'kumuletsa kuyandikira Kamayi. Potuluka, mnyamatayo anaima patali n'kuweramitsa mutu kwa mpongozi wake. Ngati adzabwere kushedi kapena ayi, Machesi sankadziwa. Anali atayamba kumutchula dzina m'mapemphero, ngakhale masiku ena dzinalo linkatuluka movutikira ngati msomali wadzimbiri.

Anakwera basi yobwerera kunyumba, iye ndi Kamayi, khanda atalisiya ndi agogo ake. Kamayi anayamba kufotokoza zoti akufuna kubwerera ku ntchito yake yosoka, ndipo pali mayi wina amene ali ndi malo pakhonde la sitolo. Anafunsa ngati bambo ake angamupangire tebulo lachitsulo loikapo makina, lokhala ndi kabati kotsekeka. Machesi anayamba kufunsa za kutalika ndi kufupika kwake, akujambula ndi chala pabondo, koma yankho silinabwere. Kamayi anali atagona, mutu uli paphewa la bambo ake, pakamwa pali potsegula pang'ono.

Dzanja la Machesi linachita dzanzi, koma sanalisunthe. Basi inafika pa siteji yawo, kondakitala n'kumuyang'ana.

"Simutsika, madala?"

"Tiyeni nazoni," ananong'ona Machesi. "Titsikira kutsogoloko, tibwerera wapansi."